Zithunzi za M'chipululu ndi Pakamwa pa Agogo Anu

Ambuya anu ali ku shifiti, ndiye lero nkhaniyi ndiikamba ndekha popanda wondidula pakamwa. Thoko, chotsa tizingweto m'makutu. Mphatso, sendera kuno, ndipo ngati ukufuna kundiyankha m'Chingerezi chakocho, uyambe wadikira ndimalize. Ine ndikangomva "Grandpa, wait," mutu wa nkhani umandithawa.

Inu mumandidziwa ngati nkhalamba yokhala pawindo kumaonerera magalimoto a mu Lanham muno. Komatu ine ndinali munthu, ana inu. Ku Limbe mukanafunsa kuti a Mbewe olemba zikwangwani ali kuti, ngakhale wogulitsa nzimbe akanakulozerani. Masitolo, mabutchala, malo ometera tsitsi, malo omwera tiyi, zonsezo zinkadutsa m'manja muno. Ndinayamba ndili kwathu ku Dedza, kujambula ndi makala pakhoma la tchalitchi, ndipo malipiro anga oyamba anali mkwapulo wa agulupa.

Masiku amenewo bulashi ya m'sitolo inali ya anthu olemera. Ife tinkameta mchira wa mbuzi, n'kumangirira ubweyawo ndi ulusi kunsonga ya kansungwi. Mbuzi za aneba athu zonse zinali ndi michira yosadziwika bwino, eni ake n'kumati kwagwa matenda. Penti tinkasungunula ndi parafini m'zitini zotha jamu. Mzere wowongoka tinkaupeza ndi chingwe chopaka choko: wina agwire uko, iwe ukoke pakati, usiye, thwa! Mzere uwo pakhoma. Inu lero mumangodina pa kompyuta, chikwangwani n'kutuluka chosalala, chopanda ndi dontho la thukuta lomwe. Makina amenewo ndi amene anandilanda ntchito, ndipo mpaka pano sitiyankhulana bwino.

Zilembo ndinkazitha, apo sindinama. Vuto linali zamoyo. Mwini butchala wina ku Bangwe anandituma ng'ombe. Nditamaliza, anthu ankaima panjira n'kumafunsana ngati pamenepo ayamba kugulitsa nyama ya galu. Mayi wina wa lesitilanti ku Ndirande anafuna nsomba, ana a sukulu anaitcha ndege. Ine ndinkangoti anthu sadziwa luso. Agogo anu oyamba, malemu NaNkhoma, amene inu mumawaona pa chithunzi cha pabalazacho, ankandiuza mofatsa kuti, "Inu bambo a Chikondi, muzilembako pansi pake kuti NG'OMBE, anthu asamavutike."

Ndinkayenda pa njinga, makwerero paphewa, zitini zikulira kumbuyo ngati ukwati ukudutsa. Masana ndinkalowa momwera tiyi, kapu ya chitsulo yowotcha milomo, sikono yaikulu ngati chibakera, yoti ukamaliza sufunanso kanthu mpaka dzuwa kulowa. Osati timikate tanu ta kuno toti ukafinya timatha m'dzanja. Koma ndasochera, ndibwerere.

NaNkhoma atatisiya, amayi anu Chikondi anati, "Adadi, simungakhale nokha, bwerani kuno." Ndinabwera. Chisanu choyamba ndinakhala m'nyumba ngati nkhuku yofungatira mazira. Amayi anu ku chipatala usana ndi usiku, bambo anu ku ntchito ku Gaithersburg, inu ku sukulu. Ine ndi firiji basi, ndipo firijiyo inkayankhula kuposa ine. Ndinayamba kuwauza amayi anu kuti kukangofunda ndikubwerera ku Dedza, ndikafere kumene anthu amapatsana moni.

Amene anandichedwetsa anali mayi Zulu, amene inu lero mumati Ambuya. Ndinawaona ku tchalitchi, akuimba mokweza kuposa kwaya yonse. Kwawo ndi ku Chipata, anakhalitsa ku Lusaka, amuna awo anamwalira kalekale, ndipo kuno ankasamalira okalamba ku Takoma Park. Chinyanja chawocho chinkandikomera ngati nzimbe. Tsiku lina tikumwa tiyi titaweruka mapemphero anandifunsa kuti, "Ba Mbewe, ku Malawi mwenze kugwira nchito bwanji?" Ine ndinakonza tayi n'kunena kuti, "Ndinali artist." Mawu a Chingereziwo ndinawatchula bwinobwino. Za mabutchala ndinazisiya m'thumba.

Panapita nthawi, mayi Zulu anasowa ku tchalitchi masabata angapo. Atabweranso anali ataonda pang'ono, ndipo sanaimbe. Munthu wanzeru akanafunsa kuti kwagwanji. Ine ndinali kalikiliki kuganiza ngati aona nsapato zanga zatsopano. Titatuluka anandiyandikira.

"Ba Mbewe, imwe muziba vojambula. Ku Washington kuli vithunzi vochoka ku Australia, va banthu ba mu desert. Munipelekezeko pa Saturday. Sinifuna kuyenda neka."

Ana inu, m'mawu onsewo ine ndinamvamo ziwiri zokha: kuti ndimadziwa, ndi kuti safuna kupita okha. Ndinafika kunyumba mapazi osagunda pansi.

Loweruka ndinavala suti yanga ya ku Limbe ija, yonunkha mankhwala a njenjete. Ndinabwereka sikafu ya bambo anu. Ndinalinso nditagula kachipewa kophwatalala, kokhala ngati chitumbuwa, poti m'mafilimu ojambula enieni amavala timeneto. Amayi anu pondiperekeza ku siteshoni ya New Carrollton anandiyang'ana, n'kuyang'ananso msewu, n'kundiyang'ananso.

"Adadi, chili pamutucho n'chiyani?"

"Yendetsa galimoto," ndinatero.

Tinakumana ndi mayi Zulu m'tauni, n'kulowa m'nyumba yoonetsera zithunzi ija, imene inu mumati gallery. Makoma oyera mbee, ziii ngati m'chipinda cha odwala kwambiri. Ine ndinazolowera kuti chojambula chimakhala panja, chiwombedwe ndi dzuwa, chithiridwe matope ndi minibasi. Apa anthu ankayenda monyang'ama, manja kumbuyo, kunong'onezana. Mtsikana wina wogwira ntchito pamenepo anatilandira, n'kufotokoza kuti zithunzizo anajambula ndi Aaborijini, anthu oyamba a dziko la Australia, okhala m'midzi ya m'chipululu, ndipo ambiri mwa iwo ndi nkhalamba. Anati chithunzi chilichonse ndi dziko la mwini wake ndi nkhani za makolo ake. Ine ndinkagwedeza mutu mwamphamvu mpaka chipewa kupendekeka, koma sindinkamvetsera. Katswiri samvetsera.

Nditakweza maso ndinadabwa. Ndinkayembekeza kuona ngamira, mchenga, kapena munthu wonyamula mkondo. Munalibe munthu, munalibe mtengo, munalibe ndi thambo lomwe. Madontho okhaokha. Ofiira ngati katondo, achikasu, oyera, akuda. Mikombero mkati mwa mikombero, ndi mizere yokhotakhota yochoka apa kupita apo. Zina zinali zazikulu kuposa chitseko cha galaja.

Ndinaika manja kumbuyo ngati anzanga aja, n'kuyamba ntchito.

"Apa wojambulayu analibe chingwe chowongolera mzere," ndinatero. Tinasuntha. "Uyu penti inamuthera panjira." Tinasunthanso. "Ichi achipachika chadodolido, koma eni nyumba sakudziwa."

Mayi Zulu anangopitirira. Ankayenda mofulumira, maso uku ndi uku ngati munthu wofuna m'bale wake pa depoti. Ine ndinkati akuchita manyazi ndi nzeru zanga. Kenaka kukhoma la kumapeto anaima. Panali chithunzi chocheperapo, chakuda ndi madontho oyera, mikombero yofiira itandandalika ngati ikutsata njira. Anakumbatira chikwama chawo pachifuwa, osasuntha.

Ndinati mumtima, apa akudikira chigamulo cha katswiri. Ndinatsokomola pang'ono.

"Ichi ndiye chopanda pake kuposa zonse," ndinatero mokweza, m'Chichewa chomveka mpaka kukhomo. "Ngati nkhanga yagundidwa ndi lole. Mundipatse penti ndi kamtengo, madzulo amodzi ndikupangirani zitatu."

Ndinaseka ndekha. Atatembenuka, ndinaona kuti masaya awo anyowa.

"Ba Mbewe," anatero motsitsa, "ichi chithunzi chenze mu bedroom mwa ba Mami bamene nenze kusamalira. Myaka yambiri nachiona daily. Ba Mami banamwalira mwezi watha. Bana bao ndiye banachibweretsa kuno, banitumira foni kuti nibwere nichione. Nabwera kulira, osati kumvera lecture."

Ndinasuntha phazi kuti ndiwayandikire.

"Osanikonkha," anatero, kutanthauza kuti ndisawatsatire. Anatuluka.

Mukudziwa, ana inu, manyazi a munthu wamkulu ndi olemera kuposa thumba la simenti. Ndinaona ngati azungu onse m'nyumbamo amva Chichewa. Pambali panali kachipinda ka mdima, ndinalowamo kuti ndibise nkhope. Ndinapeza akuonetsa filimu, ndipo poti ndinalibe kothawira, ndinakhala pansi.

Mufilimumo munali amayi okalamba atakhala pansi pa mchenga wofiira, miyendo atatambasula, nsalu yojambulapo ili pansi pakati pawo ngati mphasa yoyanikapo ufa. Agalu akudutsa, ntchentche zikuwatera, iwo osalabada. Aliyense ndi kamtengo, kuviika, kudontheza, kuviika, kudontheza, uku akuimba chapansipansi. Mmodzi anali ndi imvi mutu wonse ndi manja okhakhala ngati a mayi anga. Ankayankhula chiyankhulo chawo, mawu a Chingerezi akudutsa pansi, ine ndikuwathamangira ndi maso. Zimene ndinatolapo n'zakuti mikombero ija ndi zitsime. Amayi ake ankamubereka kuchoka pa chitsime china kupita pa china, m'dziko loti ukaphonya chitsime chimodzi wafa. Kenaka kunabwera malole, anthu anasamutsidwa. Iye ankajambula kuti adzukulu ake, obadwira kutali, adzadziwe njira.

Ndinavula chipewa chija n'kuchiika m'thumba la jekete.

Potuluka ndinamupeza mtsikana uja n'kumufunsa, ndi Chingerezi changa cha m'mabutchala, kuti andiuze tanthauzo lonse la chithunzi chakuda chija. Anandiuza pang'ono, za zitsime ndi za amayi oyenda kufuna chakudya. Kenaka anamwetulira n'kunena kuti zotsalazo ngakhale iye sazidziwa, chifukwa eni ake amauza okhawo oyenera kumva. Ine wa ku Dedza ndinamva msanga. Kwathunso zilipo zinthu zimene sufunsa ngati sunamete. Ndiye ine ndinali nditalowa pa bwalo la eni, wosameta, n'kuyamba kuwaphunzitsa kavinidwe.

Mukuganiza kuti ndinaphunzirapo? Mphatso ukupukusa mutu, iwe ndiye ukuwadziwa agogo ako. Matama safa tsiku limodzi. Nditafika kuno ndinatsikira ku besimenti, ndinatenga penti yotsala ya m'chipinda chanu ndi katoni ya TV, ndinati ndione ngati zitatu zija sizingatheke. Ndinati ndijambula kwathu. Ndinadontheza, ndinadontheza, msana unayamba kulira, khosi linauma. Madontho anga ena aakulu, ena akuyenderera. Koma chimene chinandiimitsa si msana. Nditafuna kuika chitsime cha kwathu, sindinakumbuke ngati chili kumtunda kwa manda kapena kumunsi. Njira ya ku dimba la amayi anga inandisokonekera. Ine amene ndinkalira Dedza tsiku lililonse, ndinachokako ndili mnyamata, ndipo Dedzayo inali itafufutika m'mutu ngati chikwangwani cha dzuwa. Gogo wa mufilimu uja anachotsedwa kwawo ndi lole koma sanaiwale chitsime ngakhale chimodzi. Ine ndinachoka ndekha pa basi, ndi chisangalalo.

Amayi anu anatsika ndi dengu la zochapa, n'kuima.

"Adadi, ichi n'chiyani?"

"Ndi kwathu."

"Kwathu kwagwa chikuku?"

Ndinatembenuza katoniyo. Mwana wobereka wekha.

Mayi Zulu foni sankayankha. Ku tchalitchi anasamukira mbali ina. Ndipo nkhani inali itayenda, poti pakati pa amayi a ku Malawi ndi a ku Zambia palibe malire ofuna pasipoti. Ndikamadutsa ndinkamva kunong'ona, "A Nkhanga afika." Mayi wina mpaka anandipatsa moni ndi dzina limenelo, mwaulemu wonse, atagwira m'manja. Ndinabwera kunyumba n'kuwauza amayi anu kuti andifunire tikiti ya ndege.

Chikondi anakhala pansi, akadali ndi yunifolomu ya ku chipatala.

"Adadi, muthawe mzimayi mmodzi mpaka kuwoloka nyanja yamchere? Mukapita chifukwa mwakumbuka kwanu, ndikuperekezani ndekha. Koma osati chifukwa cha manyazi. Pitani mukapepese."

"Foni sakuyankha. Ndipepesa bwanji?"

"Ndi chimene mumachidziwa. Osati chimene mumanamizira."

Ndinatsikiranso ku besimenti. Panali thabwa la shelefu yakale. Ndinalipala, ndinalipaka zoyera, ndinatenga ulusi ndi choko chanu chija chojambulira panja, thwa, mizere iwiri. Manja atafika pa chilembo chachiwiri anakumbuka okha. Zilembo zofiira, mthunzi wakuda kumanja, monga ndinkachitira pa masitolo a anthu olemekezeka: PEPANI MAYI ZULU.

Ndinalinyamula pa sitima. Thabwa lake silinali laling'ono, ana inu, ndipo m'sitima za kuno anthu sayang'anana, koma tsiku limenelo anandiyang'ana. Nditasinthira sitima ya Red Line, mnyamata wina wa ndevu zake anandifunsa kuti mawuwo akutanthauza chiyani. Ndinamuuza kuti ndi sorry. Anayang'ana kukula kwa thabwalo, n'kupukusa mutu.

"Man, what did you do?"

Ndinamuuza kuti nkhani yake ndi yaitali, ikukhudza nkhanga.

Ku Takoma Park ndinaima panja pa mafulati awo, thabwa m'mwamba ngati munthu wa zionetsero. Mphepo ikuliwomba, ine ndikupepesuka nalo. Mayi wina woyendetsa galu anawoloka msewu kundipatuka. Kenaka katani ya m'mwamba inagwedezeka, ndipo posakhalitsa mayi Zulu anatuluka atavala masilipasi.

"Imwe ba Mbewe, mufuna ma neighbour baitane police? Ikani pansi icho."

Ndinatsitsa. Analiyang'ana nthawi yaitali, mpaka kuyendetsa chala m'mphepete mwa chilembo cha Z.

"So ndiye nchito yanu iyi. Ma signpost."

"Eya mayi. Masitolo ndi mabutchala. Nyama sindinkazitha."

"Nenze naziba kudala. Chikondi ananiuza tsiku lamene munakamba kuti ndimwe artist."

Taonani amayi anu. Nthawi yonseyo ine ndikuvala chipewa.

"Malemba ni abwino," anatero. "Pakamwa ndiye pali problem. Vithunzi vija bazavichosa manje manje. Tizayenda futi. Koma imwe, ziii. Olo liu limozi."

Tinapitanso. Ulendo uno ndinavala juzi wamba. Tinadutsa zithunzi zonse zija ndinazipeza zolakwa, ine maso pansi ngati wodutsa pakhomo pa apongozi. Patsogolo pa chakuda chija panali benchi, tinakhala. Lilime langa linkayabwa ngati ndadya chitedze, koma ndinaliluma.

Kenaka mayi Zulu anayamba, osandiyang'ana. Anati ba Mami aja anali mzungu amene pa utsikana wake anagwirako ntchito ya unesi m'chipululu chimenecho, ndipo chithunzicho anachitenga kwa mayi amene anachijambula. Atakalamba mutu unayamba kusokonekera, n'kuyamba kuopa madzi. Nthawi yosamba inali nkhondo, kukanda, kulira, kuitana amayi awo. Mayi Zulu anandionetsa chipsera pamkono. Anati tsiku lina anangotembenuzira mpando wawo ku chithunzicho, ba Mami n'kukhala bata, n'kuyamba kutchula mayina a zitsime mmodzimmodzi, monga anawauzira wojambulayo. Kuyambira pamenepo kusamba kunkayenda ndi mayina amenewo. Pofika pa chitsime chomaliza, munthu wasamba, wavala.

"Manje pa last mau anasila," anatero. "Sibenze kukamba. Ine maina aja nenze naibala, ni olimba maningi. So nenze kuikapo anga. Ichi Chipata. Ichi Katete. Petauke. Nyimba. Lusaka. Beve benze kuvomera na mutu, monga ni yamene yaja." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Ni dziko ya bene, niziba. Nenze kubwereka chabe."

Ana inu, ine ndinalemba mawu pa makoma moyo wanga wonse, koma pamenepo ndinaona kuti ngakhale akanandilola kuyankhula, ndinalibe oti ndiikepo. Tinangokhala. Anthu ankabwera, kuyang'ana, kupita.

Atapuma, mayi Zulu anati, "Mwayesako. Nakuvomelezani funso imozi."

Ndinasankha mosamala. Pafupi ndi mikombero ina panali tizinthu tokhota ngati chilembo cha U. Ndinafunsa kuti timeneto n'chiyani.

"Ni munthu ankhala pansi," anatero. "Mukankhala pa mchenga, mukanyamuka, ndiye chamene chisala." Analoza ndi chibwano ku chitsime chomaliza, kumene kunali tiwiri toyang'anizana. "Nenze kukamba kuti uyu ni ba Mami, uyu ndine. Manje uyu alibe mwine wake."

Ndinati Mbewe, ukaphonya apa, ukafera ku besimenti. Ndinaimirira, mawondo akulira, ndinayandikira chithunzicho, ndinatambasula dzanja kuloza kamalo kopanda mwini kaja.

"Mayi Zulu, nanga malo amenewa, munthu atafuna..."

Sindinamalize. Pansi panali kamzere koti anthu asadutse, ine sindinakaone. Alamu inalira, piii piii piii, nyumba yonse kutembenuka. Mlonda wina wamtali ngati mlongoti anabwera chothamanga, wailesi ikulira paphewa. Ine ndinauma pomwepo, chala m'mwamba, Chingerezi chonse chitathawa. Anandiuza kuti ndibwerere m'mbuyo, miyendo inakana. Anandifunsa ngati ndikumva, ndinayankha kuti "Zikomo." Ndiye anatembenukira kwa mayi Zulu, amene anali chikhalire pa benchi, n'kufunsa ngati nkhalamba imeneyi ali nayo limodzi.

Mayi Zulu anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku dazi, monga munthu amayang'anira mbuzi pa msika asanatchule mtengo. Alamu ikulirabe. Ine thukuta kamukamu.

"Yes," anatero. "He's mine."

Anaimirira, anagwira dzanja langa lolakwalo, analitsitsa, ndipo sanalisiye. Tinatuluka choncho, tinatsika masitepe choncho, mpaka pa siteshoni. Mukawafunsa lero adzakuuzani kuti ankateteza zithunzi za eni ake. Asiyeni anene. Dzanjalo linali langa, ndikudziwa mmene analigwirira.